Fielder yokokera kumanzere itachitidwa kale alayinimenti: mmene zakhalira dzinja litatha

Galimotoyi ndi Toyota Corolla Fielder NZE141 ya injini ya 1.5 yoyendetsa matayala akutsogolo, imodzi mwa zija zinapangidwa pakati pa 2006 ndi 2012 zomwe zimabwera kuno kuchokera ku Japan. Inachitidwa alayinimenti mvula isanayambe, pepala la makina linatuluka lobiriwira paliponse, kusonyeza kuti miyezo yonse ili m'malire, koma dalaivala akangofewetsa manja pachiwongolero, iyo inkalowera kumanzere. Pano dzinja ladutsa, yayenda pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre komanso m'misewu ya dothi, ndiye zaoneka poyera kuti mwa zomwe zinakonzedwa, zathandiza ndi ziti ndipo zinangodya ndalama ndi ziti.

Ndalama yomwe inapita pachabe ndi ya alayinimenti yachiwiri, yobwereza chifukwa cha kukokako. Pa galimoto iyi, chomwe wa makina amasintha mwamsanga ndi toe yakutsogolo yokha (kuloza m'kati kapena kunja kwa matayala ukawayang'ana kuchokera pamwamba), popotokola ma tie rod, tizitsulo tokhotetsa matayala ukazunguza chiwongolero. Caster (kupendekera kumbuyo kapena kutsogolo kwa mzere womwe tayala limakhoterapo) ilibe posinthira, camber (kupendekera m'kati kapena kunja kwa tayala pamwamba pake) imafuna mabawuti ena apadera, ndipo kumbuyo kuli chitsulo chimodzi cholumikiza matayala onse awiri chomwe sichisinthika. Tsono toe siikoketsa galimoto. Ikalakwika imadya matayala ndi kupendeketsa chiwongolero, basi. Mukabwerera kugalaja n'kunena kuti "ikukokabe", ambiri amangopotokolanso ma tie rod omwewo, chiwongolero n'kuwongoka, kukoka kuli pomwepo.

Musanadandaule kwa makaniko, siyanitsani zinthu zitatu zomwe anthu amazitchula ndi dzina limodzi. Ngati galimoto ikuyenda mowongoka koma chiwongolero chapendeka, imeneyo ndi toe, ndipo wa alayinimenti akonze popanda kulipiritsanso. Ngati ikutsetsereka pang'onopang'ono kumanzere pamsewu wa phula, mwina ndi msewuwo: amaumanga wotukuka pakati, kutsika masentimita 2 kapena 3 pa mita iliyonse kuti madzi azithawa, ndipo ife oyenda kumanzere timatsetserekera kumanzere komweko. Kukoka kwenikweni ndi kuja dzanja limatopa ndi kulimbana ndi chiwongolero. Yesani pamalo afulati opanda magalimoto ena, pa liwiro la 60 mpaka 80 km/h, kupita ndi kubwerera panjira yomweyo kuti mphepo ndi kupendeka kwa malo zisakunamizeni. Fielder iyi inkakoka kumanzere popita ndi pobwerera pomwe.

Choyamba kuyezedwa chinali mpweya, matayala asanatenthe, potsata chomata cha pachitseko cha dalaivala osati nambala yolembedwa patayala. Kusiyana kwa 4 psi pakati pa tayala lamanzere ndi lamanja n'kokwanira kukokera galimoto mbali ya tayala lofewalo. Magejo a opopa matayala m'mbali mwa msewu sagwirizana, choncho matayala onse anayi ayezedwe ndi gejo imodzi. Apa mpweya unali bwino.

Gwero lalikulu linapezeka pa ntchito yosafuna sipeya iliyonse: kusinthanitsa matayala awiri akutsogolo, lamanzere kupita kumanja, lamanja kubwera kumanzere, manati n'kumangidwa pa 103 Nm monga Toyota imanenera. Galimoto inasiya kukokera kumanzere, n'kuyamba kulowera pang'ono kumanja. Kukoka kukatembenuka kapena kutha chonchi, mlandu ndi wa tayala. Mawaya a m'kati mwa tayala akakhala kuti sanagone pakati penipeni, kapena tayala likadyeka mbali imodzi chifukwa linayenda nthawi yaitali pa camber yolakwika, limagubuduka ngati ndowa yogonekedwa pansi, yomwe imakhotera kumene kuli kochepa. Makina a alayinimenti saona zimenezi chifukwa amamangiriridwa ku rimu, sayeza labala. Chenjezo limodzi: tayala lokhala ndi muvi wosonyeza mbali yozungulira lisasiyidwe litatembenuzidwa. Kuyesera kanthawi kochepa pamsewu wouma palibe vuto, koma pambuyo pake libwerere.

Kutsogoloku kunali matayala a makampani awiri osiyana, limodzi la kaunjika, lina la mtundu wa studless lomwe linabwera ndi galimoto. Matayala a studless anapangidwira chisanu cha ku Japan, labala yake ndi yofewa, ndipo pa phula lotentha la mu Okutobala amadyeka msanga komanso mosalingana. Anachotsedwa onse awiri, n'kuikapo atsopano ofanana kampani, saizi ndi mapangidwe. Pogula yang'anani manambala anayi akumapeto kwa DOT, nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala, osonyeza pomwe linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Patha miyezi yonseyi matayalawa akudyeka mofanana kuyambira m'mphepete mwa mkati mpaka kunja, ndipo pa ndalama zonse zomwe zinalowa m'galimotoyi, iyi ndiyo yabweza phindu looneka.

Kukoka kunachepa kwambiri koma sikunatheretu, ndipo apa m'pamene pepala lobiriwira lija linafunika kuliwerenga bwino. Camber yamanzere inali +0°10', yamanja −0°30'. Nambala iliyonse payokha ili m'malire, chifukwa pa ma Corolla ambiri a zaka zimenezo malire ake ndi otakasuka, mamineti 45 (45') uku ndi uku, digiri imodzi kukhala mamineti 60. Koma kusiyana kwa mbali ziwirizi ndi 40', kuposa theka la digiri, ndipo galimoto imakokera mbali yomwe tayala lapendekera kunja kwambiri pamwamba pake. Caster imachita mosemphana: galimoto imapita mbali yomwe caster ndi yochepa. Choncho papepala musayang'ane mtundu, chotsani nambala yamanzere ku yamanja. Kusiyana kukadutsa 30', yembekezani kukoka, makamaka kukakhala kolozera kumanzere kumene msewu ukukankhira kale.

Camber inakonzedwa ndi bawuti yowonderako pang'ono pa malo pomwe shoko imamangidwa ku knuckle, chitsulo chonyamula habu ya tayala. Toyota imagulitsa mabawuti oterewa, ali ndi timadontho pamutu tosonyeza kuchuluka kwa zomwe angasunthe. Camber yamanzere inabwezedwa mpaka kufanana ndi yamanja, toe n'kuyezedwanso, chifukwa camber ikasuntha toe nayo imasuntha. Bawutiyo sinasunthe dzinja lonse. Chomwe sitigwirizana nacho ndi chizolowezi chokuza bowo la shoko ndi fayilo kapena kuikapo bawuti wamba ya m'sitolo ya zitsulo. Malo amenewa amanyamula kulemera kwa galimoto pokhota, ndipo bawuti yofewa imatambasuka. Komanso ngati kusiyana kwa camber kwafika digiri yathunthu, bawuti ingobisa vuto. Pemphani nambala za SAI (kupendekera m'kati kwa mzere womwe tayala limakhoterapo) ndi included angle (SAI kuphatikiza camber). Zikasiyana kwambiri pakati pa mbali ziwiri, shoko kapena knuckle inapindika pa dzenje, ndipo mankhwala ake ndi kusintha.

Chakumapeto kwa dzinja, maenje atachuluka, kukoka kunabwerera koma mwa mtundu wina. Ukaponda mafuta galimoto inkalowera mbali ina, ukachotsa phazi n'kubwerera mbali inayo. Alayinimenti yolakwika siisinthasintha chotero. Kusinthasintha kumatanthauza kuti pali chinthu chikusewera, ndipo pa Fielder malo oyamba kukayikira ndi bushi yaikulu ya labala yakumbuyo kwa lower arm, mkono wachitsulo wapansi wogwira tayala lakutsogolo. Bushi imeneyi ikang'ambika, tayala limasunthira kutsogolo ndi kumbuyo, caster ndi toe n'kumasintha galimoto ikuyenda, pomwe itaima pa makina zonse zimaoneka bwino. Kuigwedeza ndi manja sikuonetsa kanthu. Pamafunika kulowetsa chitsulo chokanulira pakati pa arm ndi subframe (chimango chomwe arm imamangidwapo), tochi ili m'manja, n'kuona ming'alu ikutseguka.

Yomwe inang'ambikayo inali yotsika mtengo, yoikidwa chaka chomwecho, ndipo inalowetsedwa ndi hamala mosayang'ana mbali. Mabushi amenewa ali ndi mipata m'labala yomwe iyenera kuloza mbali yomwe yakale inaloza, ndiye musanachotse yakale lembani chizindikiro pa arm. Ilowe ndi pulesi. Bawuti yopingasa ya bushi yakutsogolo imangidwe komaliza galimoto itatsika pa jeke, kulemera kuli pa matayala. Mukaimanga matayala akulendewera, labala imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo siichedwa kutha. Ma arm onse awiri anasinthidwa athunthu pamodzi ndi mabolojointi, alayinimenti n'kuchitidwa pambuyo pake. Alayinimenti imeneyi ndiye inali ndi chifukwa chomveka. Kuchokera pamenepo galimoto ikuyenda mofanana poponda mafuta ndi pochotsa phazi.

Mabuleki anayang'anidwa ndipo analibe mlandu, koma mayesedwe ake ndi achidule. Yendani makilomita 10 osaponda buleki mwamphamvu, imani, yandikitsani dzanja ku rimu iliyonse yakutsogolo osagwira disiki. Yotentha kuposa inzake ili ndi caliper (chopanira disiki ya buleki) yomwe sikumasula, ndipo galimoto imakokera komweko. Kawirikawiri ndi mapini a caliper omwe agwira dzimbiri ndi matope a dzinja, kapena paipi ya labala yotsekeka m'kati. Mapiniwo apakidwe girisi ya mabuleki, chifukwa girisi wamba imatupitsa labala. Kukoka kobwera pokhapokha mwaponda buleki kumaloza mbali inayo: galimoto imathawa buleki yofooka n'kupita kumene ikugwira.

Zina ziwiri n'zoyenera kuzidziwa ngakhale pano sizinaoneke. Galimoto ikamakokera mbali yomwe mwangokhotera kumene, kumanzere mukachoka pakona yamanzere, kumanja mukachoka payamanja, beringi ya pamwamba pa shoko kapena bolojointi yauma ndipo ikugwira. Chinanso, chiwongolero cha Fielder iyi n'chamagetsi. Sensa yake ikataya pakati, mota imakankha pang'ono mbali imodzi nthawi zonse. Kwezani matayala akutsogolo onse awiri, lizani injini, muone ngati chiwongolero chikufuna kuzungulira chokha. Chikatero pamafunika kompyuta ya diagnosis yochitira zero point calibration, kuphunzitsanso sensayo pakati pake, sipanala ilibe ntchito.

Chomwe chatsala osakonzedwa ndi kumbuyo. Toe ya tayala lakumbuyo lamanja ili kumapeto kwa malire, chizindikiro chakuti chitsulo chija chinapindika pang'ono, mwina ndi katundu wolemera pa mahampu, poti Fielder anthu amaisenzetsa matumba a chimanga ndi simenti. Thrust angle, kupatuka kwa komwe matayala akumbuyo akuloza kuchoka pa mzere wapakati wa galimoto, idakali yaing'ono, ndipo toe yakutsogolo inayezedwa motsatira iyo, choncho chiwongolero chili chowongoka. Tayalalo likusonyeza kudyeka pang'ono m'mphepete, ndiye matayala akusinthanitsidwa kutsogolo ndi kumbuyo pa makilomita 10,000 alionse. Kudyekako kukakula, njira ndi ziwiri: timashimu kuseri kwa habu, kapena chitsulo china cha galimoto yophwasulidwa, chomwe chiyenera kuyezedwa pa makina chikangomangidwa, wogulitsa asanakane kuchilandiranso. Kuchiwongola ndi moto wa gasi ayi, chitsulo chotenthedwa chimafooka ndipo chimadzapindikanso pamalo omwewo.