Nazale ya m'mphepete mwa msewu ku Lilongwe: mbande zabwino, malangizo operewera

Anthu ambiri amene akumanga nyumba m'madera atsopano a mzinda wa Lilongwe amagula mbande za mpanda kumanazale aang'ono a m'mphepete mwa msewu, ndipo ine ndimagula pa imodzi mwa nazale zotere. Mbande zake ndilibe nazo dandaulo. Amazilera m'machubu odzaza dothi losakaniza bwino ndi manyowa, amazizoloweza dzuwa asanazigulitse, ndipo mwini wake salola kuti munthu atenge mbande imene mizu yake yaboola chubu n'kulowa pansi, chifukwa yotero imafota ikangozulidwa.

Chimene amagulitsa kwambiri ndi Duranta wa masamba achikasu, chomera chochokera ku America chimene chadzaza m'mabwalo a nyumba ndi maofesi. Chimakula msanga, sichiyoyola masamba, ndipo chikabzalidwa motalikirana masentimita pafupifupi 30 chimalukana n'kupanga mpanda wooneka bwino. Komabe wogulitsayo amauza aliyense kuti atenge Duranta popanda kufunsa ngati pakhomopo pali madzi okwanira. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula imasowa, ndipo mbande zongobzalidwa kumene zimafuna kuthiriridwa kawirikawiri, zomwe n'zovuta kwa banja lodalira madzi a pampopi amene amasiyasiya. Duranta amafunanso kusadzulidwa pafupipafupi m'dzinja, apo ayi amatalika n'kusiya mipata m'munsi momwe nkhuku ndi agalu amadutsa. Chimene chimandidetsa nkhawa koposa n'chakuti zipatso zake zachikasu zili ndi poizoni, koma sindinamvepo wogulitsa akuchenjeza makolo amene ali ndi ana aang'ono.

Kwa amene akufuna mpanda wotchinga akuba, bougainvillea wa panazaleyi ndi wamphamvu, ndipo minga yake ndi kupirira kwake pa chilala zimamuyenereza ntchitoyo, ngakhale kuti chilimwe chikafika povuta amathothola masamba ena. Nkhadze saigulitsa, mwina poiona ngati yakumudzi, chonsecho ndi yobiriwira chaka chonse ndipo siifuna kuthiriridwa. Vuto lake ndi utomoni wake woyera umene umapweteka maso koopsa.

Pa mitengo ya cypress ndinasangalala ndi chilungamo cha wogulitsayo. Mwini nazale amanena poyera kuti imagwidwa ndi nsabwe, ndipo akunena zoona, pakuti nsabwe za mitengoyi zinapezeka m'Malawi muno mu 1986 ndipo zinaumitsa mipanda yambiri kuno ndi m'maiko oyandikana nafe. Chilungamo chomwechi chikanafunika pa lantana, amene amamugulitsabe chifukwa cha maluwa ake okongola, pamene mbalame zimamwaza njere zake m'tchire momwe amapha zomera zina ndi kudwalitsa ng'ombe zikadya masamba ake.

Mbande sizilembedwa maina, choncho wogula amadalira pakamwa pa wogulitsa, ndipo mtengo umasintha malinga ndi kukula kwa chubu ndi luso la munthu pokambirana. Ndikulimbikitsa anzanga kugula pano, makamaka kumayambiriro kwa mvula mu Disembala pamene dothi lanyowa, koma apite atadziwa kale kuchuluka kwa madzi amene ali nawo, ngati pamalo pawo pali chiswe, ndiponso amene azidzasadzula mpandawo ukakula.