Wotchi Yophunzirirapo Kukonza: Ya Zolemera Kapena Ya Sipuling'i?

Mukayamba kukonda mawotchi a makina, aja oyenda popanda batire, funso limabwera musanagule ndi sikuludilaiva yomwe: ndiyambe kumasula iti? Pa mawotchi akale osaboola m'thumba pali mitundu iwiri yomwe imalimbirana malo. Wina ndi wa zolemera, monga cuckoo, wotchi yapakhoma yotulutsa kambalame kolira pa ola, ya ku Black Forest ku Germany yoyenda tsiku limodzi. Wina ndi wa sipuling'i woyenda masiku 8, wa makampani a ku Connecticut ku America monga Seth Thomas, Ingraham ndi Sessions. Ine ndimati muyambe ndi ya zolemera, ngakhale ya ku America ili ndi zabwino zake zambiri.

Nkhani yagona pa komwe mphamvu imasungidwa. Cuckoo imayenda chifukwa zitsulo zija zooneka ngati zipatso za paini zimakoka unyolo, unyolowo n'kumazunguza giya lalikulu. Mukachotsa zitsulozo, makina onse amangoti zii, opanda mphamvu iliyonse. Mutha kutsegula mapuleti, zitsulo ziwiri zafulati zogwira magiya pakati pake, kutulutsa magiya limodzilimodzi, manja ali phee.

Ya ku America siili choncho. Ili ndi masipuling'i awiri, ina yoyendetsa nthawi, ina yoimbitsa belu, ndipo onse ali pamtetete, alibe chigoba chowatsekera monga zimakhalira m'mawotchi ambiri a ku Germany ndi ku France. Ngakhale wotchiyo itaima zaka 30, sipuling'i imakhala idakali ndi ukali wake. Mukamasula mapuleti musanaifewetse, imafwanthuka kamodzi n'kamodzi, kuthyola mano a magiya, kupinda timiyendo ta mashafuti, mwinanso kukuchekani zala. Njira yake ndi kuiwayinda mpaka ithine, kuivekera kachitsulo kooneka ngati chilembo C, ndiye n'kumaibweza pang'onopang'ono ndi kiyi wachigwiriro chozungulira pamene mwakweza kachitsulo kamene kamaletsa giya kubwerera. Kiyi wamba wowayindira musagwiritse ntchito, mapiko ake amamenya chala chachikulu akapulumuka. Zimaphunzirika ndithu, koma si phunziro la tsiku loyamba, pamene simunadziwe n'komwe giya lomwe limayendetsa linzake.

Chomwe ya ku America imaposera ndi kukula kwa zipangizo. Magiya ake ndi aakulu, amkuwa, ogwirika bwino ndi zala, ndipo m'kati muli malo oti diso lione zonse zikuchitika. Gudumu lowerengera kulira kwa belu lili poyera, mipata yake mutha kuiwerenga nokha kuyambira 1 mpaka 12, n'kumvetsa chifukwa chake wotchi imalira ka 4 pomwe mivi ikuloza 5 koloko. Inapangidwa yambirimbiri, kotero zipangizo zosinthira sizisowa. Koma masipuling'i amphamvu aja amadya mabowo a m'mapuleti mpaka asanduke ngati dzira, ndiye pafupifupi iliyonse imene mungagule imafuna mabushi atsopano, timphete tamkuwa tolowetsa m'bowo lodyeka kuti libwerere mwakale. Kuika bushi pakatikati peni peni pa bowo lakale ndi luso lofunika kwambiri pa ntchitoyi, ndipo palibe wotchi yoliphunzitsa bwino kuposa imeneyi. N'chifukwa chake ndimaiika kukhala yachiwiri, osati yoitaya.

Cuckoo nayo ili ndi zovuta. Kanyumba kake n'kopanikiza, ndipo muli timawaya tambiri: tokweza timivukuto tiwiri toliza mawu a mbalame, kotulutsa mbalameyo pakhomo, ndi ka nyundo yomenya belu. Kawaya kamodzi kakapindika pang'ono, mbalame imatuluka osalira kapena chitseko sichitsekeka. Jambulani ndi foni musanachotse chilichonse. Chotonthoza n'chakuti ma cuckoo ambiri a masiku ano ali ndi makina a Regula opangidwa ku Schonach ku Germany, omwe amagulitsidwabe atsopano, pamodzi ndi timivukuto ndi maunyolo. Mukalakwitsa, simunaphe chinthu chosapezekanso.

Mukachita mwayi, pali ina yomwe imatenga zabwino za mbali zonse: wotchi ya ogee ya ku America yoyenda maola 30, ya bokosi lalitali lamatabwa, imene Chauncey Jerome anaitchukitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1830 ndi makina ake amkuwa otsika mtengo. Imayendera zolemera zomangidwa pa zingwe, magiya ake ndi aakulu, ndipo ilibe mbalame. Mukaipeza musaisiye. Ija yokhala m'chigalasi, yoyenda masiku 400, ya Kundo kapena Schatz, ilekeni kaye ngakhale ikukopeni bwanji. Mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, ndipo kawaya kopyapyala kolendewetsa pendulamu yake, chitsulo cholendewera chowongolera liwiro la wotchi, sikakhululuka.

Pa kutsuka ndi kuthira mafuta mitundu yonse ndi yofanana. Masulani zonse, tsukani, kolokosani bowo lililonse ndi kamtengo kosongoka mpaka katuluke koyera. Mafuta akhale a wotchi enieni, kadontho kakang'ono pa kamwendo ka shafuti iliyonse ndi pa tizitsulo tiwiri togwira giya lomaliza. Pa mano a magiya musathirepo. WD-40, mafuta opopera aja, musaiyandikize, imakoka fumbi n'kusanduka phala lopala mkuwa.

Mukamanga, mverani kagundidwe. Ngati ikugunda motsimphina, ipendeketseni pang'ono mbali imodzi mpaka kugundako kufanane, ndipo mudziwa mbali yopindira kawaya kokankha pendulamu. Cuckoo mudzadziwa mawa lake ngati mwaikonza bwino, pomwe ya masiku 8 muyenera kuidikira sabata yathunthu, chifukwa zolakwika zake zimaonekera kumapeto, sipuling'i ikayamba kufooka.