Eyes on Asteroids ya NASA, ndaiyesa pa foni kuno ku Mangochi

Abale anga amene mumakonda zakumwamba ngati ine, yesani Eyes on Asteroids, webusaiti yoonetsa miyala ya mlengalenga ya NASA (bungwe la ku America lofufuza zakumwamba), ndi yaulere, mumangotsegula pa intaneti basi palibe zodawuniloda. Ine ndinaitsegula usiku tili pamchenga ku Makawa, nyali za asodzi a usipa zili ngwee panyanja, mwana wa achemwali atanditsamira paphewa kuti naye aone. Ukatsina sikirini ndi zala ziwiri umaona miyala ya mlengalenga ikuzungulira dzuwa, iliyonse ndi njira yake.

Chinandigwira mtima ndi Apophis, chimwala cha mamita pafupifupi 340. Anthu ankaopa kuti chidzagunda dziko, koma mu Malichi 2021 radar ya ku Goldstone, California, dishi yake ya mamita 70, inatumiza mafunde n'kuwalandira atagunda chimwalacho, ndiye akatswiri anawerengera bwinobwino kuti kwa zaka 100 sichitikhudza ayi. Pa 13 Epulo 2029 chidzadutsa makilomita pafupifupi 32,000 okha kuchokera pansi pano, ndipo kuno ku Africa tidzachiona ndi maso athuwa.

Netiweki yakunyanja kuno ndiye imadukaduka, komanso zonse zili m'Chingerezi moti mwanayu ndimachita kumumasulira. Gulani kaye bandulo yokwanira.