Masiku khumi achemwali ali kuno ku Malaysia

Chitumizireni chithunzi cha achemwali ataima kutsogolo kwa nsanja ziwiri za Petronas, foni yanga sikupuma. Ena akufunsa ngati alamu agulitsa ng'ombe, ena akuti mwina ndayamba geni yachinsinsi. Ng'ombe zonse zili m'khola. Ndati ndilembe kamodzi momwe tinayendetsera zinthu, chifukwa kuyankha aliyense payekha kwandilemetsa.

Chino ndi chaka chachitatu ndili pa sukulu ku Kuala Lumpur. Achemwali ndi aphunzitsi, ndipo anasunga ndalama zaka ziwiri, zina kubanki m'khonde. Pafupifupi zonsezo zinathera pa tikiti ya ndege. Apa palibe matsenga. Kulibe ndege yochoka ku Lilongwe n'kulunjika kuno, umasintha ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg, ndipo tikiti yogula mochedwa imaluma. Ife tinagula kutatsala miyezi inayi. Poti ndalama zakunja n'zovuta kupeza kumudziko, tinagwirizana kuti zonse za kuno ndilipire ine, iwo azipereka makwacha kwa mayi m'malo mwa zomwe ndimatumiza mwezi ndi mwezi.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti pasipoti yathu imalowa m'dziko lino popanda viza ngati ukudzacheza masiku osapitirira 30. Koma zimenezi sizitanthauza kuti ungofika manja lendelende. Pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, udzaze fomu ya pa intaneti yotchedwa MDAC m'masiku atatu omaliza usanafike (ndi yaulere, wina asakulipiritseni), ndipo ukhale ndi tikiti yobwererera komanso umboni wa komwe ukagone. Ndinawauza achemwali kuti asindikize zonse papepala, asadalire foni. Anafunsidwa mafunso angapo, anatulutsa mapepala awo mufayilo ngati akupita kukaonekera kwa a PEA, n'kudutsa.

Kuchoka pabwalo la ndege la KLIA pali sitima yothamanga yomwe imafika ku KL Sentral, siteshoni yaikulu ya mumzinda, m'mphindi 28, koma ndi ma ringgit 55. Basi ndi pafupifupi 15, imatenga ola limodzi. Tinakwera basi, achemwali maso ali pawindo kudabwa minda ya kanjedza wa mafuta yosaoneka malire. Kuti mumve bwino mitengoyi, dola imodzi ndi ma ringgit anayi kapena chapompo.

Pa chakudya m'pamene munthu amapulumukira kapena kuthera. M'mawa woyamba ndinawagulira nasi lemak wa ma ringgit atatu, wokulunga m'tsamba la nthochi. Atamasula anayang'anitsitsa: mpunga wophikira nkaka wa kokonati, kachidutswa ka dzira, mtedza wokazinga, tsabola wofiira wosinja, ndi tinsomba touma. Anatola kamodzi, kukatembenuza, n'kunena kuti, "Achimwene, ulendo wonsewu kudzadya bonya?" Kuno amati ikan bilis. Tsabolayo anawatulutsa misozi, koma tsiku lachitatu anali akuitanitsa okha. Madzulo tinkadya m'malo odyera a amwenye achisilamu otchedwa mamak, omwe ambiri satseka usiku wonse. Roti canai, yomwe ili ngati chapati chofewa, ndi tiyi wamkaka wa teh tarik, munthu umakhuta ndi ma ringgit asanu. Mbale imodzi m'malesitilanti a m'mamolo ikhoza kukudyera ndalama ya tsiku lonse. Okonda chakumwa mudziwiretu kuti mowa kuno ndi wodula chifukwa cha msonkho.

Zambiri zokongola n'zaulere. Sitinakwere pamwamba pa Petronas, chifukwa tikiti ya munthu mmodzi ndi chakudya cha masiku angapo. Tinakhala m'paki ya KLCC madzulo kuonera madzi akuvina ndi magetsi, ndipo chithunzi chakusokonezanicho tinajambulira pomwepo. Ku Batu Caves tinapita pa sitima ya KTM Komuter. Ndi kachisi wa Ahindu m'phanga, masitepe 272 opakidwa mitundumitundu, pakhomo pataima chifanizo chagolide cha Murugan, mulungu wa Ahindu, chotalika mamita oposa 40. Amayi amafunika kubisa mawondo, ndiye azungu anali pamzere kufuna nsalu, achemwali anangosolola chitenje m'chikwama. Koma anyani akumeneko alibe ulemu. Wina anawatsomphola jumbo ya nthochi tili pakati pa masitepe, n'kukakhala pakhoma kumasenda akuwayang'ana m'maso.

Pomwe ndinalakwitsa ine ndi pa kalendala. Ndinaiwala kuti sabata yachiwiri ikugundana ndi tchuthi cha Hari Raya (Eid ya Asilamu), pomwe mzinda wonse umakhamukira kumidzi, okha amati balik kampung. Matikiti a sitima ya ETS yopita ku Butterworth, njira ya ku chilumba cha Penang, anali atatha kalekale. Tinakwera basi, ulendo wa maola asanu unasanduka asanu ndi anayi. Chaka Chatsopano cha Matchaina nachonso n'chimodzimodzi. Komanso ngati mukufuna nyanja, zilumba za kum'mawa monga Perhentian ndi Tioman malo ambiri amatseka kuyambira Novembala mpaka cha mu Febuluwale chifukwa cha mvula ndi mafunde.

Ku Butterworth tinaoloka pa feri ya ma ringgit awiri kupita ku George Town, pachilumba cha Penang, tauni yakale yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wake wa malo a mbiri yofunika padziko lonse mu 2008. Chipinda ndinasankha chotchipitsitsa pa intaneti osawerenga bwino. Tinapeza chilibe windo, fungo la chinyontho lili guu, ndipo achemwali anagona atakhala tsonga. M'mawa tinasamuka, ndalama ya usiku wachiwiri inapita. Muziyang'ana mawu oti window musanalipire, ndipo muziwerengeratu ma ringgit 10 a msonkho wa alendo pa chipinda usiku uliwonse, omwe nthawi zina saoneka pa mtengo woyamba uja.

Pobwerera tinadzera ku Cameron Highlands. Msewu wake ndi wokhotakhota kuposa wa Golomoti, ndipo kumazizira ngati ku Dedza, moti juzi yomwe ndinawaseka nayo pofika inagwira ntchito. Titaima pamwamba pa minda ya tiyi ya BOH, yomwe inayamba mu 1929, anangoti, "Iyi ndi Thyolo." Sanalakwe kwenikweni. Atsamunda ake ndi omwewo, n'chifukwa chake galimoto zimayenda kumanzere ndipo chaja ya kumudzi imalowa pasoketi popanda adaputa.

Tsiku lomaliza tinakhala pansi ndi kope lawo, poti aphunzitsi analemba chilichonse mpaka madzi akumwa. Masiku khumi onse, kugona, kudya ndi kuyenda, sizinafike theka la mtengo wa tikiti ya ndege. Zotsala anagulira nsalu za batik zitatu ndi paketi yaikulu ya bonya uja, akuti mayi akalawe okha aweruze ngati akuposa wa ku Mangochi.