Brokeback Mountain: Ennis ndi wovuta kumukonda koma filimu yonse yagona pa iyeyo

Ngati mukufuna filimu ya makauboyi yowomberana mfuti, akavalo akuthamanga fumbi lili koboo, iyi si yanu, musawononge bandulo. Brokeback Mountain inatuluka mu 2005, anaiwongolera ndi Ang Lee, ndipo imapitirira maola awiri ikuyenda pang'onopang'ono heve. Inachokera pa kankhani kakafupi ka Annie Proulx komwe kanatuluka mu The New Yorker mu 1997. Ndichenjezeretu, ndiulula zina za kumapeto.

Nkhani ikuyamba mu 1963 ku Wyoming, anyamata awiri osauka, Ennis Del Mar (Heath Ledger) ndi Jack Twist (Jake Gyllenhaal), alembedwa ganyu yoweta nkhosa kuphiri, eee nkhosa osati ng'ombe ayi, ndipo kumeneko akudya nyemba za m'chitini tsiku ndi tsiku mpaka Jack kutopa nazo, kenako usiku wina wozizira zinthu zachitika mu tenti. Kuchoka apo ndi zaka pafupifupi 20 akukumana mobisa, aliyense ali ndi banja lake.

Jack ndi wosavuta kumumvetsa. Amalankhula, amalota, amafuna kafamu koti azikhala awiri basi. Amene wandisowetsa mtendere ndi Ennis. Anthu ambiri amati ndi wamantha kapena wouma mtima, ine ndikuti mantha alipo inde koma tione kaye komwe anachokera. Makolo ake anafa pa ngozi ya galimoto, analeredwa ndi mkulu wake ndi mlongo wake, sukulu sanapite nayo patali. Ndiye pali chija amamuuza Jack atakhala pamoto: ali ndi zaka 9 bambo ake anamutenga iye ndi mkulu wake kukaona mtembo wa Earl, bambo wina yemwe ankakhala ndi mwamuna mnzake Rich, ataphedwa mwankhanza n'kutayidwa mu ngalande. Bambo ake ankafuna anawo aone ndi maso awo, ndipo Ennis amakaikira kuti mwina anapha ndi iwowo. Mwana wa zaka 9 aise. Ndiye Jack akamati tiye tikakhale limodzi, Ennis sakumva za famu, akuona ngalande ija.

Chinanso chomwe anthu amachidumpha ndi umphawi. Jack anakwatira Lureen ku Childress, Texas, mwana wa bwana wogulitsa mathirakitala ndi makina a pafamu, nde iye akhoza kuyendetsa galimoto ulendo wonsewo nthawi ina iliyonse. Ennis ali ku Riverton, amagwira maganyu m'mafamu a eni, banja litatha mu 1975 akulipira ndalama zosamalira ana ake aakazi awiri, akajomba ntchito yatha. Pa mkangano wawo womaliza uja, pomwe Ennis akuti zokumana mu Ogasiti sizitheka tidikire Novembala, si kuti akuzemba chabe, munthuyo alibe ndithu. Apa filimu yachita bwino kwambiri chifukwa sikukupatsa chifukwa chimodzi, mantha ndi kusowa zalukana moti iye mwini sangazilekanitse.

Koma sindikumuikira kumbuyo pa zonse ayi. Ennis mawu akamuthera amagwiritsa ntchito zibakera. Anamumenya Jack tsiku lotsika kuphiri, atasiyana akukalowa pakanjira n'kuyamba kukhomerera khoma uku akufuna kusanza, pa zikondwerero za pa 4 Julaye akumenya anthu mkazi wake ndi ana akuona. Ndipo amene wavutika kwambiri osalakwa kanthu ndi mkazi wakeyo, Alma (Michelle Williams). Anawaona Ennis ndi Jack akupsompsonana pansi pa masitepe mu 1967, anakhala chete zaka zonsezo, mpaka anaika kakalata mu bokosi la mbedza kuti aone ngati amapitadi kukawedza, anakapeza kali momwemo kosanyowa n'komwe. Malo omwe akumuuza zimenezi kukhitchini, kwa ine ndi omwe aposa onse mufilimu muno. Cassie nayenso, mtsikana woperekera zakudya yemwe anali naye pachibwenzi banja litatha, Ennis anangomusiya m'malere osamuuza chifukwa.

Heath Ledger anasewera ngati munthu woti nsagwada zinamangidwa ndi waya, mawu amatulukira m'mano, chipewa chili kumaso, mapewa atakwera. Zikugwirizana ndi Ennis koma vuto lake simumva zomwe akunena, ndiye yatsani ma sabutaito apo ayi theka la nkhani likudutsani. Anali pa mndandanda wa Oscar koma sanawine. Filimuyi inatenga ma Oscar atatu, ya wowongolera, ya olemba (Larry McMurtry ndi Diana Ossana) ndi ya nyimbo za Gustavo Santaolalla, kagitala kaja kosavuta koma kokhala m'mutu. Ya filimu yabwino koposa inapita kwa Crash, mpaka lero anthu amakanganabe.

Zondinyansa zilipo. Kukalamba kwa anthuwa sikukhutiritsa, Jack angomumata ndevu za pamlomo basi eti wafika zaka 39, Anne Hathaway (Lureen) akungomusintha mawigi. Chigawo chapakati chimathamanga, zaka zikungodumpha osadziwa kuti tili chaka chanji. Mapiri okongola aja ndi a ku Alberta, Canada, osati Wyoming, koma zimenezo sizinandivute.

Imfa ya Jack anaisiya dala yosamveka bwino. Lureen pafoni akuti tayala linaphulika akulipopa, Ennis m'mutu mwake akuona anthu akumumenya ndi chitsulo, ndipo filimu sikuuza zoona ndi ziti. Wina akhoza kunena kuti ndi mantha ake aja basi, koma kumbukirani kuti mu 1998, patangotha chaka nkhaniyi itasindikizidwa, Matthew Shepard, mnyamata wokonda amuna anzake, anamenyedwa mwankhanza kufupi ndi Laramie ku Wyoming komweko n'kumwalira patapita masiku ochepa. Zomwe Ennis ankaopa sizinali zongopeka.

Ndikuipatsa 8 pa 10, ziwirizo zapita chifukwa cha mawigi ndi chigawo chapakati. Ndi ya akuluakulu, muli zogonana ndi mawu otukwana, nde musaiike pa sikirini ya pabalaza ana ali pompo. Ndipo ngati mungapeze buku la Annie Proulx la Close Range la 1999 werengani kankhani kenikeniko, mumamaliza madzulo amodzi, Ennis wa m'menemo ndi wouma kuposa wa mufilimu.