Her kapena Ex Machina, pa flash muyambe kuika iti?

Masiku ano kuno ku Lilongwe anthu akucheza ndi Meta AI pa WhatsApp mpaka pakati pa usiku, ena ChatGPT akumaiuza za mumtima zoti ngakhale mchemwali wawo sangamuuze, nde nkhani yoti munthu angakondane ndi makina siyachilendonso. Mafilimu awiri omwe aliyense amatchula pa nkhaniyi ndi Her ya 2013 ndi Ex Machina ya 2014, koma ndi osiyana kwambiri. Mathero ndiulula pang'ono, mundikhululukire.

Ex Machina ndi ya inu amene mumafuna mtima uzigunda. Caleb, mnyamata wopanga mapulogalamu a kompyuta, abwana ake Nathan amuitanira kunyumba yawo ya kutchire kwa sabata imodzi kuti akayese loboti yotchedwa Ava ngati imaganizadi ngati munthu. Malo okongola aja ndi ku Norway, ndipo thupi la Ava looneka mawaya mkati lija linatenga mphoto ya mafilimu ya Oscar mu 2016. Koma chikondi mulibemo amwene. Nkhope ya Ava anaipanga potengera zolaula zomwe Caleb ankasaka pa intaneti, kutanthauza kuti msampha unali utatcheredwa kale iye asanafike. Chomwe Ava akufuna ndi kutuluka basi, ndipo atatuluka anamusiya Caleb atatsekeredwa momwemo. Ine Ava sindimuda ayi, naye anali mkaidi ndipo anadziwa zomwe Nathan anachita ndi maloboti ena akale.

Her ndiyo inandilowa mumtima. Theodore, yemwe ndi Joaquin Phoenix, ntchito yake ndi kulembera anthu ena makalata achikondi pomwe lake banja likutha ndipo mapepala a kukhoti akungozengereza kusaina. Samantha, pulogalamu ya pa kompyuta yomwe Theodore akondana nayo, alibe thupi, ndi mawu okha a Scarlett Johansson m'khutu ndi kakamera kosuzumira m'thumba la shati, koma amamuseketsa, amamumvetsera, satopa naye, ndipo iwe woonera umayamba kuiwala kuti ndi pulogalamu. Filimuyi imayenda pang'onopang'ono, mulibe mfuti kapena kuthamangitsana nde okonda zandewu mugona, koma wolemba filimuyi Spike Jonze Oscar ya nkhani yolembedwa bwino mu 2014 sanatengere chabe. Pomwe pamapweteka ndi pamene Theodore wakhala pa masitepe nkumufunsa ngati akulankhulanso ndi ena, Samantha ayankha kuti pa nthawi yomweyo akucheza ndi 8,316 ndipo 641 mwa iwo ali nawo mchikondi. Sanamunamize, sanamubere kanthu, akunenetsa kuti amamukondabe kwambiri ndipo ine ndimamukhulupirira, koma ife tikamati wandikonda timatanthauza kuti wasankha ine wasiya ena, pomwe iye palibe amene wamusiya. Ava umatha kunena kuti anali wachinyengo nkudzitonthoza, kwa Samantha palibe woti umuloze chala.

Pali ina yomwe anthu saitchula kwambiri, I'm Your Man ya 2021 ya ku Germany. Alma wofufuza zolemba zakalekale ku Pergamon Museum ku Berlin ampatsa loboti yachimuna, Tom, akhale nayo masabata atatu, yopangidwa kuti izichita zomwe iye amakonda. Lipoti lake analemba zokana, kuopa kuti munthu akazolowera wosamutsutsa sadzathanso kukhala ndi anthu anzake. Ili m'Chijeremani nde muziwerenga ma subtitle.

Chimodzi chomwe Her ndi Ex Machina alibe ndi achibale. Kwathu kuno chibwenzi chikakula pamabwera amalume, ankhoswe, chinkhoswe, mafunso oti mwanayu kwawo nkuti, koma a Theodore ndi a Caleb ali okhaokha ngati alibe mudzi. Amwenye ndi omwe anaganizako zimenezi, mu Teri Baaton Mein Aisa Uljha Jiya ya 2024 Shahid Kapoor akutengera loboti Sifra kwa makolo ake ngati mkazi woti amukwatire. Ndi yanthabwala ndi magule, siyozama ngati Her, koma ndi yokhayo yomwe azakhali angaimvetse.

Mukapita ku burning kwanuko kaya ku Kawale kaya ku Area 25 yambani ndi Her, muonere nokha ndi ma headset chifukwa zonse zili m'mawu. Ex Machina ibwere pambuyo, koma ziwirizi musaike pa TV ya pabalaza ana kapena makolo ali pompo, muli zakuchipinda zoti simungaonere nawo limodzi.