Anandikonzera tsamba lofulumira, koma kutsatsa malonda ndakubweza m'manja mwanga

Ndili ndi golosale yaing'ono ku Rosettenville, kummwera kwa mzinda wa Johannesburg, momwe ndimagulitsa katundu wakumudzi monga mpunga wa Kilombero, usipa, utaka, nsinjiro, tsabola wa Nali, tiyi wa Chombe ndi zitenje, zomwe zimabwera pa mabasi odzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Kwa miyezi 6 ndagwira ntchito ndi kampani yaing'ono ya anyamata awiri a ku Braamfontein, omwe amakonza masamba a pa intaneti komanso kutsatsira anthu malonda pa masamba a mchezo. Amayi angapo a kumpingo kwathu, omwe ali ndi masaluni ndi mashopu osokeramo zovala, akhala akundifunsa ngati ndalama zomwe ndinalipira zinapindula, choncho ndaona kuti ndi bwino kulongosola zonse pamalo amodzi.

Tsamba ndinali nalo kale, lomwe anandikonzera mwana wa achemwali anga, ndipo pa kompyuta linkaoneka lokongola kwambiri, koma chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku lina kunabwera bambo wina wogwira ntchito yaulonda ku Sandton, yemwe anandiuza mosabisa kuti: “Mayi, tsamba lanu lija ndinalisiya, limandithera bandulo ndisanaone ndi mtengo wa mpunga womwe.” Anatulutsa foni yake yong'aluka galasi pakona, ndipo tinaima tonse awiri pakauntala tikuyang'ana kachizindikiro kakungozungulira pamalo oyera, mpaka iwo anatopa n'kuibweza m'thumba. Makasitomala anga ambiri ndi otere: alonda, ogwira ntchito m'nyumba za anthu, olima maluwa ndi ophika m'malesitilanti, omwe amagula bandulo yaing'ono ya Vodacom, MTN kapena Cell C n'kumaisamala ngati ndiwo.

Apa m'pamene anyamatawa anaonetsa kuti ntchito yawo amaidziwa. Asanatchule mtengo uliwonse, anatsegula PageSpeed Insights, chida chaulere cha Google choyezera liwiro la tsamba, n'kundionetsa pomwe panali vuto. Zithunzi zonse zinaikidwa monga zinachokera mufoni, chilichonse cholemera ma MB 4 kapena 5, ndipo pamwamba panali kanema yemwe ankayamba yekha munthu asanamufune. Anandifotokozera kuti malinga ndi muyezo wa Google, chinthu chachikulu cha patsamba chiyenera kuoneka pasanathe masekondi 2.5, ndipo langa linali kutali kwambiri ndi pamenepo. Iwo anachepetsa zithunzi n'kuzisintha kukhala za mtundu wa WebP, womwe umapepuka koma osawononga maonekedwe, anachotsa kanema uja, ndipo anakonza kuti zithunzi zam'munsi zizitseguka pokhapokha munthu akafika pamene zili. Chomwe chinandisangalatsa kopambana n'chakuti poyesa ntchito yawo sanagwiritse laputopu yawo yodula kapena Wi-Fi ya muofesi, koma anabwereka foni yakale ya mtsikana wondithandiza m'golosale n'kuyesera pomwepo, pakati pa matumba a mpunga. Tsamba linatseguka ndisanamalize kupukuta m'manja.

Anaikanso batani la WhatsApp pansi pa katundu aliyense, kotero kuti munthu akadina pa usipa, uthenga umandipeza utalembedwa kale kuti akufuna usipa, iye n'kungowonjezera kuchuluka kwake. Anandithandiza kudzaza katalogi ya WhatsApp Business ndi kulembetsa golosale pa Google Business Profile kuti izioneka pa mapu a Google, zomwe zonse ndi zaulere, ndipo sanandibisire kuti ndi zaulere. Tsopano pali anthu a ku Turffontein ndi ku Yeoville omwe amafika akutsatira mapu pafoni, pomwe kale ndinkawalondolera njira pafoni kwa mphindi zambiri. Anandichenjezanso za POPIA, lamulo la ku South Africa loteteza zinsinsi za anthu monga manambala a foni, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, kuti si bwino kutola manambala m'magulupu a mpingo kapena a maliro n'kuyamba kuwatumizira malonda eni ake asanavomere. Ambiri a ife timachita zimenezi mosadziwa, ndipo ndikuthokoza kuti ananditsegula m'maso.

Mbali yotsatsa malonda pa Facebook ndi Instagram ndiyo sinayende bwino, ndipo ndiyenera kunena chilungamo chifukwa ndi imene inkandidyera ndalama mwezi ndi mwezi. Anyamatawa salankhula Chichewa ndipo chakudya chathu sachidziwa. Ankalemba m'Chingerezi chosalala ngati cha masitolo akuluakulu, n'kuika zithunzi zongotola pa intaneti. Tsiku lina ndinapeza alemba za usipa koma chithunzi chili cha nsomba zam'nyanja yamchere, ndipo mayi wina anandiimbira foni kufunsa kuti: “Achemwali, kodi mwayamba kutigulitsa chiyani?” Ndinachita manyazi kwambiri. Akuluakulu anati malonda ndi m'maso, ndipo Mmalawi akafuna usipa amafuna kuona kung'anima kwake ndi kuuma kwake, kuti adziwe ngati ndi watsopano kapena wagonera. Ankaikanso mauthengawo m'mawa wa pakati pa sabata, nthawi yomwe makasitomala anga ali pantchito ndipo ena saloledwa n'komwe kugwira foni, pomwe ine ndimadziwa kuti maoda amachuluka madzulo, Lamlungu anthu akaweruka kutchalitchi, ndi kumapeto kwa mwezi akalandira malipiro.

Cholakwika china chinali pa malonda olipira. Posankha anthu oti awaone, anaphatikiza ndi okhala ku Malawi, ndiye ndalama zanga zinathera kusonyeza mpunga wa Kilombero kwa anthu a ku Lilongwe ndi Blantyre omwe ali nawo pamsika wapafupi. Manambala a okonda uthenga anakwera ndithu, koma m'kabati simunalowe kanthu. Nditawadandaulira anavomera kulakwa kwawo mosakangana, n'kukonza kuti malondawo azioneka kwa okhala mozungulira Johannesburg okha, koma mwezi wathunthu unali utapita kale.

Aliyense wofuna kuwalemba ntchito afunse msanga za umwini wa dzina la tsamba. Langa, lomwe limathera ndi .co.za, analilembetsa m'dzina la kampani yawo, ndipo zinatenga masabata atatu ndikukumbutsa kuti alisinthire m'dzina langa ndi kundipatsa mapasiwedi onse. Sindikukhulupirira kuti anali ndi cholinga choipa, koma dzinali limalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo munthu wosakhala nalo m'manja akhoza kutaya tsamba lonse tsiku lomwe wasemphana ndi omukonzera.

Panopa ndimawalipira ndalama yochepa ya pamwezi yosungira tsamba ndi kulisamalira, ndipo ndikawatumizira mitengo yatsopano amaisintha tsiku lomwelo. Zolemba pa Facebook ndi pa sitetasi ya WhatsApp ndimachita ndekha m'Chichewa. Basi ikangofika, ndimatsegula katoni, n'kujambula usipa uli m'lichero pafupi ndi zenera pomwe pali kuwala, kenako n'kulemba mtengo wake ndi tsiku lomwe wafika. Bambo aja a ku Sandton anaitanitsa makilogalamu 10 a mpunga Lachisanu lapitali kudzera pa batani lija, ali m'minibasi pobwerera kunyumba.